Mlendo wa pa 594

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu ndinaumva koyamba kwa agogo anga aamuna, ndipo ponena mwambiwu sankanena za munthu wobwera ndi chikwama pakhomo ayi. Ankanena za mawu achilendo amene ankalowa m'wayilesi yawo dzuwa likangolowa, n'kuzimirira okha kunja kukamayera. Mawu amenewo ndinadana nawo kwa zaka zambiri, ndipo m'nkhani ino ndikufuna kufotokoza chimene anatilakwira, kumene ankachokera, komanso chimene ndinadzaphunzira kwa iwo nditakula.

Ndinakulira kumudzi m'boma la Kasungu, pakhomo pa agogo. Chuma chachikulu cha pakhomopo, kupatula mbuzi ndi chigafa cha fodya, chinali wayilesi ya mtundu wa Nzeru. Agogo aakazi, omwe kwawo kunali kumpoto kwa bomali kumene anthu amalankhula Chitumbuka, anaisokera kathumba ka chitenje kuti isalowe fumbi. Singano ya wayilesiyo sinkasuntha. Inkakhala pafupi ndi nambala 600, pamene agogo aamuna anakandapo kamzere ndi msomali, ndipo mwana aliyense wopezeka akupotokola kabatani ankadziwa yekha chimene chimudikira. Pakamzere pamenepo ndi pamene pankamvekera MBC kuchokera ku makina ake oulutsira mawu a ku Lilongwe, pa 594 kHz. Ife tinkangoti ndi pa Malawi, ndipo sitinkaganiza n'komwe kuti pamalo pomwepo pangakhalenso wina.

Masana wayilesiyo inkalankhula bwino ngati munthu ali pakhonde pomwepo. Vuto linkayamba nthawi ya chakudya chamadzulo. Mawu ankakwera, n'kutsika, n'kukweranso, ndipo agogo ankati wayilesi yayamba kupuma. Ikamatsika choncho, pansi pake pankatulukira mawu a mwamuna wina, olankhula mokoka ngati akuimba, m'chilankhulo chimene panalibe ndi mmodzi yemwe pamudzi ankachimva. Agogo ankaitembenuza wayilesiyo uku ndi uku pamwamba pa mpando mpaka mlendoyo atachepa mphamvu. Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina ayi. Zikakanika ankangoti, "Musiyeni, mlendo ndi mame."

M'mwezi wa Meyi 1998, ndili Sitandade 6, kunabwera kalata yochokera ku Mulanje. Mng'ono wawo wa agogo, amene anapita kukagwira ntchito m'minda ya tiyi ali mnyamata n'kukhazikika komweko, anali atagonekedwa m'chipatala. Pamudzi pathu panalibe lamya, ndipo kalata inkatenga masiku ambiri panjira. Njira yachangu yomvera za imfa ya wachibale wakutali inali mauthenga achisoni a pawayilesi. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya mauthengawo ikakwana, tonse tinkasiya chilichonse n'kukhala chete kuzungulira wayilesi, ngakhale nsima izizire m'mbale.

Usiku wina wa mu Juni, kukuzizira kwambiri, woulutsa anatchula boma la Kasungu, kenako mfumu yathu yaikulu, kenako mudzi wathu. Amayi anagwira pakamwa. Pomwepo wayilesi inayamba kupuma. Mawu a woulutsa anatsika pang'onopang'ono ngati munthu womira m'dziwe, ndipo mlendo uja anakwera pamwamba pake ndi mphamvu imene sitinaimvepo. Agogo anainyamula wayilesi, kuitembenuza, kutuluka nayo panja, kuikweza m'mwamba ndi manja awiri. Pamene Chichewa chinkabwerera, woulutsa anali atafika kale pa uthenga wa anthu a ku Ntcheu. Dzina la womwalirayo, kumene wamwalirira ndi tsiku loika maliro, zonse zinapita ndi mlendo.

Tsono panabuka mtsutso. Mudzi wathu ndi waukulu, ndipo pafupifupi banja lililonse linali ndi wachibale ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku maesiteti. Uthengawo ukanatha kukhala wa aliyense. Ulendo wa ku Mulanje unkafuna ndalama imene inatsala pa fodya wa chaka chimenecho, yomwe inasungidwira feteleza. Agogo aamuna anati anyamuka m'bandakucha. Amayi anati, "Bambo, dikirani kaye abwereze mawa. Mukapita pachabe tidzalima ndi chiyani?" Agogo anamvera. Koma chifukwa cha nkhawa anaisiya wayilesi ili chiyatsire mpaka usiku kwambiri, poganiza kuti mwina abwereza, ndipo kutacha mabatire anali atatheratu. Tinawayanika padenga kuti awotche dzuwa monga tinkachitira nthawi zonse, koma anangolankhulako pang'ono n'kufa. Ena a pamudzi amene anali ndi mawayilesi nawonso anamva zoduka ngati ife.

Tsiku lachitatu kunabwera mphunzitsi wina wa pasukulu yathu, amene usiku ujawo anagona ku Lilongwe ndipo anaumva bwinobwino uthengawo. Iye anabwera kudzapepesa, poganiza kuti agogo anapita kale ndipo apeza amayi okha. Atawaona agogo ali pakhonde anasowa poyambira. Agogo ananyamuka tsiku lomwelo, koma atafika ku Mulanje anapeza masamba oika pamsewu atauma kale ndipo anthu atabalalika. Anangoonetsedwa mtumbira. Mng'ono wawo mmodzi yekhayo anaikidwa popanda ndi mmodzi yemwe wa kwawo kuponyako dothi. Amayi anadziimba mlandu kwa nthawi yaitali, ndipo ine, pokhala mwana, mlandu wonse ndinaupereka kwa mwamuna wa m'wayilesi uja.

Patapita milungu iwiri kunabwera atelala ena a pamalo a malonda, mnzawo wa agogo wochokera ku Nkhotakota, kudzakhuza malirowo, ndipo kunawadera. Ali pakhonde madzulo, mlendo uja anayamba monga mwa masiku onse. Atelalawo anakweza dzanja kuti tikhale chete, anamvetsera, kenako anati, "Achimwene, ichi ndi Chiarabu. Akuwerenga Korani." Agogo anakhala nthawi osayankha. Kenako anafunsa, "Ndiye kuti usiku uja munthuyu amapemphera?" Atelala anavomera ndi mutu. Agogo anati, "Basi. Mng'ono wanga anaperekezedwa ndi pemphero, ngakhale linali la eni ake." Ine mawu amenewo sanandigwire mtima. Ndinkaona kuti kaya amapemphera kaya amatukwana, munthuyo analowa m'nyumba ya eni osagogoda.

Ndinadzamvetsa nkhaniyi nditayamba kale uphunzitsi, tsiku lina pokonzekera phunziro la sayansi. Mafunde a wayilesi a medium wave, amene ambiri timangoti AM, amayenda njira ziwiri. Ena amakwawa pansi potsata nthaka, ndipo amenewa ndiwo ankatifikira masana kuchokera ku Lilongwe. Ena amakwera kumwamba. Masana kuwala kwa dzuwa kumapanga gawo lina la mpweya, pamtunda wa makilomita pakati pa 60 ndi 90, limene limamwa mafunde okwerawo ngati chinkhupule. Dzuwa likalowa gawo limeneli limatha mphamvu, ndipo mafunde amadutsa n'kukagunda gawo lina lapamwamba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, limene limawabweza pansi. Akafika pansi amatha kunjanjanso n'kubwereranso kumwamba, motero amadumpha mayiko ndi nyanja. Dera lonseli la mumlengalenga akatswiri amalitcha ionosphere. Kupuma kuja nakonso kunali ndi chifukwa chake. Usiku mafunde a siteshoni imodzi yomweyo ankatipeza kudzera njira zonse ziwiri, ndipo akafika mogwirizana mawu ankakwera, akafika mosemphana ankafafanizana okhaokha, n'kusiya khomo lotsegula kwa aliyense wochokera kutali.

Koma n'chifukwa chiyani wakutaliyo anali pa nambala yathu? Yankho ndi lakuti nambalazo n'zochepa. Ku Africa, ku Ulaya, ku Asia ndi ku Australia, medium wave imayambira pa 531 kukathera pa 1602 kHz, ndipo malo oulutsirapo amatalikirana ndi 9 kHz. Mukawerengera mupeza malo 120 okha, pamene masiteshoni ofuna malowo anali zikwi. Mchaka cha 1975 mayiko anakumana ku Geneva pansi pa bungwe la ITU kuti agawane malo amenewa, ndipo mgwirizanowo unayamba kugwira ntchito pa 23 Novembala 1978. Ichi ndi chifukwa chake nambala zonse za AM kuno kwathu zimagawika ndi 9. Nambala yathu 594 ndi 9 kuchulukitsa ndi 66. Siteshoni ya 702 ya ku Johannesburg, imene inasunga dzinalo ngakhale itasamukira pa FM, inatenga dzina lake ku nambala yotereyi. Ku America okha ndiko anasunga mpata wa 10 kHz.

Nditafufuza amene anali nafe pa 594 mchaka cha 1998, ndinadabwa kukula kwa banja lake. Ku Tokyo kunali NHK, ikulankhula Chijapani ndi mphamvu ya makilowati 300. Ku Manila kunali DZBB, ya Chitagalogi. Ku Horsham, m'chigawo cha Victoria ku Australia, kunali siteshoni ya ABC yotumikira alimi a kumeneko. Kufupi ndi Frankfurt kunali Hessischer Rundfunk ya Chijeremani, ndipo ku Muge m'dziko la Portugal kunali Rádio Renascença. Nthawi imene ife tinkasonkhana kuzungulira wayilesi, cha m'ma 8 koloko usiku, ku Tokyo inali 3 koloko m'bandakucha ndipo ku Manila inali 2 koloko. Kulikonseko kuyenera kuti kunali wina, woyendetsa takisi kapena mlonda kapena wodwala wosowa tulo, amene singano yake inali pamalo pomwe agogo anakanda ndi msomali, nayenso akuganiza kuti malowo ndi ake yekha. Ndipo ku Duba, m'mbali mwa Nyanja Yofiira ku Saudi Arabia, pamtunda wa makilomita opitirira 4,000 kumpoto kwathu, kunali makina oulutsa Chiarabu pa 594 pomwepo, a mphamvu ya makilowati 2,000. Makina athu a ku Lilongwe poyerekeza ndi amenewo anali koloboyi pafupi ndi moto wa tchire.

Anthu ambiri chotere amakhala bwanji pa mkeka umodzi? Njira yoyamba ndi mtunda. Masiteshoni a nambala imodzi amaikidwa motalikirana, ndipo masana njira imeneyi imagwira bwino ntchito. Tokyo ndi Lilongwe sangamvane masana. Njira yachiwiri ndi kuchepetsa mphamvu kapena kuloza mafunde mbali imodzi pogwiritsa ntchito milongoti ingapo. Ku United States kuli masiteshoni ambiri amene lamulo limawauza kuti dzuwa likalowa achepetse mphamvu kapena atseke, kuti asasokoneze akuluakulu monga WSM ya ku Nashville pa 650 kHz. Komweko kulinso nambala 6, zomwe ndi 1230, 1240, 1340, 1400, 1450 ndi 1490, zimene iliyonse ili ndi masiteshoni ang'onoang'ono oposa 100. Usiku munthu akakhala patali pang'ono ndi tawuni amangomva chiphokoso cha onsewo pamodzi, moti eni ake nambalazi anazipatsa dzina lotanthauza kumanda. Njira yachitatu ndi kugawana nthawi. Ku Chicago masiteshoni atatu, WSBC, WCRW ndi WEDC, anakhala zaka zambiri mpaka m'ma 1990 akusinthana maola pa 1240, wina akatseka mnzake n'kutsegula, ndipo ambiri mwa mapologalamu awo anali m'zilankhulo za anthu obwera, monga Chipolishi ndi Chisipanishi.

Nditadziwa zonsezi mkwiyo wanga unasowa pogwira. Munthu wa ku Duba sanabe malo a wina. Anali pamalo amene anapatsidwa, monganso woulutsa wathu anali pamalo ake, ndipo sankadziwa kuti kuli mudzi wina ku Kasungu kumene nkhalamba yaima panja pozizira itakweza wayilesi m'mwamba. Pali kusokoneza kwadala, monga mmene dziko la Soviet Union linkaulutsira phokoso pa nambala za Radio Liberty mpaka 1988 kuti anthu ake asamve, koma zathuzi sizinali zimenezo. Unali usiku chabe. Agogo, amene sanaphunzire za ionosphere, anafika pa mfundo imeneyi zaka zambiri ine ndisanafikepo.

Pali chinthu china chimene ndinaphunzira, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba nkhani ino m'buku la ophunzira zilankhulo. Masiteshoni awiri akakumana pa nambala imodzi ya FM, wayilesi imagwira wamphamvuyo n'kumutaya wofookayo, moti womvera sadziwa n'komwe kuti panali wachiwiri. Pa AM sizitero. Wamphamvu amakwera pamwamba, koma wofooka amamvekabe pansi pake, ngakhale movutikira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene oyendetsa ndege amalankhulirana ndi owatsogolera pansi pogwiritsa ntchito AM mpaka lero. Awiri akalankhula nthawi imodzi pamamveka kulira ndi kusokonekera, ndipo womvera amadziwa kuti pali wina amene sanamveke, n'kumupempha kuti abwereze. Usiku uja wa mu Juni tinataya dzina, koma tinadziwa kuti tataya kanthu. Tikanakhala kuti sitinamve n'komwe dzina la mudzi wathu, sitikanakhala ndi nkhawa, ndipo mphunzitsi uja akanatipeza tikuseka.

Mfundo imeneyi inandikumbutsa agogo aakazi. Masana onse ankalankhula Chichewa, kumunda, kuchitsime ndi kutchalitchi, ndipo Chichewa chawo chinali chabwino moti mlendo sakanadziwa kwawo. Koma usiku, akatopa, akamapemphera pamphasa kapena akamatonthoza mwana wodwala, Chitumbuka chinkatuluka chokha. Ife adzukulu tinkaseka, n'kumati agogo ayamba zawo zija. Sindinaganizepo kuti pawayilesi imene anaisokera kathumba ija sanamvepo chilankhulo chawo kwa zaka 26. Mchaka cha 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawayilesi. Chinabwereranso mu 1994, ndipo mu 1996 nkhani zinayamba kumvekanso m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena. Imeneyi inali njira yachitatu ija, yogawana nthawi, ngakhale kuti ena anapatsidwa mphindi pamene ena anali ndi maola.

Kunena zoona, mfundoyi siinandikomere. Moyo wanga wonse ndinkadziona ngati wa mbali yofooka, mwana wa kumudzi amene uthenga wake unakwiriridwa ndi makina a dziko lolemera. Koma pakhomo pa agogo pomwepo, ine Mchewa wa ku Kasungu ndine amene ndinali ndi makilowati 2,000. Sindinasankhe zimenezo, monganso munthu wa ku Duba sanasankhe kutisokoneza, komabe panali wina pansi panga amene sindinkamumvera. Ife amene tikuphunzira ndi kuphunzitsa Chichewa timadandaula, ndipo ndi zoona, kuti Chingerezi chimatikwirira m'makhoti, m'nyumba ya malamulo ndi m'makalasi. Koma tikatuluka m'kalasimo n'kukakwera basi ya ku Karonga kapena ya ku Nsanje, timayembekezera kuti aliyense atiyankha m'Chichewa, ndipo sitiona chachilendo. Chilankhulo chimodzi chomwecho chimatha kukhala chofooka pamalo ena n'kukhala champhamvu pamalo ena.

Sindikunena kuti tibwerere ku AM. Mayiko ambiri akuisiya. Hessischer Rundfunk inazimitsa makina ake a pa 594 pamene chaka cha 2010 chinkayamba, ndipo pofika kumapeto kwa 2015 mawayilesi onse a boma a ku Germany anali atachoka pa medium wave. Kuno kwathu FM inafalikira, ndipo masiteshoni a m'madera amalankhula zilankhulo za anthu a komweko, chinthu chimene agogo aakazi akanakondwera nacho. Komabe ndimaona kuti khutu limene AM inatiphunzitsa likusowa. Linali khutu lozolowera kumva mawu awiri nthawi imodzi, lodziwa kuti amene akumveka kwambiri si yekhayo amene akulankhula. M'kalasi mwanga, mwana akakhala chete pamene anzake akuyankha mokweza, ndimayesetsa kukumbuka kuti mwina yankho ali nalo koma lili m'chilankhulo cha kwawo, ndipo ndimamupempha kuti anene mmene anganenere kwa amayi ake. Nthawi zambiri pamapezeka mnzake wotanthauzira.

Agogo aamuna anamwalira mu 2009. Uthenga unandipeza pa foni ya m'manja ndili kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, patangopita mphindi zochepa atatsirizika, ndipo mawu a amayi anamveka onse popanda chosokoneza. Ndinafika kumudzi tsiku lomwelo, ndinagona pasiwa, ndipo ndinaponya nawo dothi. Pogawa katundu abale ena anatenga njinga, ena makasu ndi mbuzi. Ine ndinapempha wayilesi, imene inali itasiya kale kulankhula, ndipo panalibe wondikaniza. Ili pamwamba pa kabati m'nyumba mwanga, m'kathumba kake ka chitenje kaja. Ana anga amaipotokola mmene afunira ndipo sindiwaletsa, koma akakagona ndimaibwezera singano pa kamzere ka msomali.